Nsalu Pamphuno ya Pikapu

M'zaka zimenezo, munthu ukakhala ndi galimoto kuchigwa, inkakhala yako masiku okhawo amene chipani sichikuifuna. Francisco Alufandika wa ku Thabwa ankazidziwa bwino zimenezi. Anali ndi kapikapu kamodzi kokalamba, kamene kankanyamula thonje nthawi ya thonje, nsomba zouma nthawi ya nsomba, ndi odwala nthawi ina iliyonse. Banja lake lonse linkadyera m'matayala a kapikapuko, ndipo iye ankakasamala ngati dzira.

M'mawa wina mu Okutobala, dzuwa litayamba kale kuwotcha ndi pamthunzi pomwe, pakhomo pake panafika a Leonard, tcheyamani wa chipani m'deralo, limodzi ndi mayi Evelesi, mtsogoleri wa amayi ovina. Kunali msonkhano ku Makhuwira. Sanapemphe galimoto ayi. Anangomuthokoza Francisco chifukwa chodzipereka, iye n'kuvomera kuti wadziperekadi.

Amayi ovina ali m'kati mokwera kumbuyo, mayi Evelesi anatulutsa nsalu ya chipani yatsopano, ya nkhope ya mwini dziko pakati. Anaipinda pawiri kuti mphepo isaing'ambe, naikunga pamphuno ya galimoto kuchokera pa nyali iyi kufika pa nyali iyo. Timipata tonse tolowera mphepo yoziziritsa redieta tinatsekeka. Mfundo zake anamanga zolimba ngati akumangirira mbuzi yothawathawa.

Francisco anaona ngozi yake nthawi yomweyo. Injini ili ngati munthu, ukaitseka mphuno siipita patali. Koma anganene bwanji kuti nkhope imeneyo ikutsekereza mpweya? Iye anabadwira kutsidya, ku Mozambiki, ndipo anabwera kuno ali kumsana. Munthu wotero, ngakhale akhale ndi khadi la chipani m'thumba lililonse, mawu ake ankapimidwa pa sikelo ina. Ena ananenapo zochepa kuposa zimenezi n'kupita osatsanzika.

"A Tcheyamani," anayesa mwaulemu, "bwanji nsaluyi tiikweze pamwamba pa denga? Anthu aziiona ali kutali, komanso fumbi lisaidetse."

"Mtsogoleri amatsogola," anayankha mayi Evelesi a Leonard asanatsegule pakamwa. "Mukufuna injini ikhale patsogolo, iwo pambuyo?"

"Iyayi, mayi. Ali pabwino pomwepo."

Ananyamuka. Kumbuyo nyimbo zinayamba, kutsogolo kasingano koonetsa kutentha kwa injini kanayambanso ulendo wake. Kanachoka pakati pamene kamayenera kukhala, n'kumakwawa kulowera kofiira. Asanafike kutali, Francisco anaimitsa galimoto natsegula boneti. Mphepo italowa kuchokera pamwamba, injini inazizira bwinobwino. Anathiramo madzi, a Leonard n'kumuyamikira kuti ndi katswiri. Atangotseka boneti n'kuyendanso pang'ono, kasingano kanabwerera ku chizolowezi chake.

Pamsika wina wa m'mbali mwa msewu panali makaniko wotchedwa Ignasio, amene galaja yake inali pansi pa mtengo wa masawu. Francisco anakhotera pamenepo. Ignasio anatuluka pansi pa ngolo imene ankakonza, akupukuta manja. Anayang'ana nsalu ija kamodzi, kenako anayang'ana kumwamba nthawi yaitali ngati munthu woyembekeza mvula mu Okutobala.

"Yatani, shamwali?"

"Ikuwira."

"Ikuwira na ninji?" anafunsa Ignasio, kufuna kudziwa choyambitsa.

"Nkhabe kudziwa," anatero Francisco m'Chisena, kutanthauza kuti sakudziwa, maso ake ali pa maso a mnzakeyo.

"Inenso sindikuona kanthu," anatero Ignasio. "Tifufuze."

Anafufuzadi, ndipo sipanaonekepo makaniko wakhama chotere m'chigwa chonse. Anakanikiza lamba wa fani ndi chala, anali wokoka bwino. Anafinya mapayipi a madzi, analibe podontha. Chivindikiro cha redieta chinali ndi labala wake wamoyo. Injini itazizira anailiza, nasuzumira m'redieta, madzi ankazungulira mosonyeza kuti pampu ikugwira ntchito. Anasolola kachitsulo koyezera oyilo, oyilo anali wakuda bwino, wosasakanikirana ndi madzi. Pa zonsezi ankazungulira nsalu ija mosamala, osaikhudza ndi chigongono chomwe. Paja akuluakulu anati khoswe akakhala pa mkhate sapheka.

"Tikuchedwa," anatero a Leonard akuyang'ana dzuwa. "Vuto lapezeka kapena ayi?"

Poti panafunika wolakwa, Ignasio anamasula themositati, kachitsulo kamene kamatsegulira madzi njira injini ikatentha. Anakaponya m'chitini cha madzi owira, ndipo kanatseguka mokhulupirika pamaso pa onse. Koma mlandu unali utaweruzidwa kale.

"Ndi aka, bwana. Kamatseguka mochedwa."

A Leonard anakanyamula ndi zala ziwiri nakaonetsa amayi a kumbuyo. "Mwaona? Chigawenga chimabisala m'kati. Tikachipeza timachichotsa." Amayi analuluta, ndipo themositati inatayidwa patchire popanda mlandu.

Pothira madzi atsopano, Ignasio anawerama pafupi ndi khutu la Francisco. "Yendani pang'onopang'ono, baba. Paliponse pali mthunzi muziima. Kupitirira apo ndi kwa Mulungu."

Koma anali atachedwa, ndipo tcheyamani safika pamsonkhano anthu atayamba kubalalika. Msewu wa tsidya lakum'mawa unali wa mchenga ndi mabampu, galimoto yolemedwa ndi amayi ndi ng'oma zawo, injini ikulira ngati ng'ombe yokoka ngolo pamatope. Kasingano kanalowa pofiira n'kukhazikika.

"A Tcheyamani, taonani singano. Tingaimeko pang'ono?"

A Leonard anayang'ana mayi Evelesi amene anakhala kuchitseko, kenako anavula chipewa chawo nachikoleka pa geji, kubisa kasingano kaja.

"Singano imeneyi ikufalitsa mphekesera. Makaniko wakonza, tonse taona. Pondani mafuta."

Francisco anaponda. Ankamva chilichonse m'mapazi mwake: mphamvu ikuchepa, injini ikugogoda chapansipansi, fungo la labala wopsa likulowa pawindo. Akanatha kuima, kutsika, kudula mfundo za nsalu ija ndi kampeni kake, galimoto n'kupuma. Inali ntchito yosatenga nthawi. Anaganiza za mkazi wake Justina akufunsa m'maofesi kumene mwamuna wake wapita, anthu akumuyankha kuti sanamvepo dzina limenelo. Anagwiritsa chiwongolero. Chinamuwawa kwambiri n'chakuti ankapha galimoto yake ndi phazi lake lomwe, uku akuvomera nyimbo ya kumbuyo kuti aoneke wosangalala.

Inafera pamchenga wa mtsinje wouma, Makhuwira akuonekera patsogolo. Kunamveka phokoso limodzi, nthunzi inatuluka m'mbali mwa boneti, kenako zii. Francisco anayesa kuliza, injini osatembenuka n'komwe. Atasolola kachitsulo ka oyilo, anapeza oyilo wasanduka ngati tiyi wamkaka. Gasiketi yolekanitsa madzi ndi oyilo inali itapsa, zitsulo za m'kati zitagwirana. Anakhala pansi pamchenga wotenthawo osaumva kutentha.

Mayi Evelesi anathamangira kutsogolo kukayendera nsalu. "Sinapse," analengeza. "Tiyamike." Kenako anatsogolera amayi kukabisala dzuwa pansi pa mtengo.

A Leonard anabwera nanjuta pambali pa Francisco, akudzikupiza ndi chipewa chija. Anayang'ana uku ndi uku, natsitsa mawu.

"Ine ndisanalowe za chipani ndinkayendetsa thirakita ku esiteti ya nzimbe. Redieta ikangodzaza masamba a nzimbe, tinkadziwa chimene chichitike."

Francisco anatembenuka nawayang'ana.

"Nanga nsaluyo mumati ndiichotse ndine?" anapitiriza a Leonard. "Yamangidwa ndi mayi aja. Mchimwene wawo ali ku ofesi yaikulu ya chipani. Inu mwataya galimoto, ine ndikanataya mutu. Pepani, achimwene."

Anaimirira, navala chipewa, nakhalanso tcheyamani.

Posakhalitsa kunatulukira lole yopita kukanyamula thonje. A Leonard anaimika dzanja pakati pa msewu, ndipo dalaivala wake, bambo wina wa imvi dzina lake Augustino, anathokozedwa chifukwa chodzipereka. Amayi anasamutsa ng'oma. Mayi Evelesi anamasula nsalu ija mwaulemu, naikutumula, naipinda pawiri, n'kupita nayo kutsogolo kwa lole.

Augustino anaona kumene nsalu ikupita. Anayang'ana pikapu yakufa ikudontha madzi pamchenga, kenako anayang'ana mwini wake. Maso ake ankapempha mawu amodzi okha.

"Inu a Alufandika," anaitana mayi Evelesi, "poti mulibe chochita, tagwirani mbali iyo."

Francisco anadzuka, nasasa mchenga pathalauza. Anagwira nsonga ya nsalu naikokera pa nyali ya lole, kutseka kampata komaliza kamene kanatsala.

"Kungani kwambiri," anatero mayiwo. "Isagwe panjira."

Anakunga, namanga mfundo ziwiri.

"Galimoto yanu yafa ndi chiyani, shamwali?" anafunsa Augustino.

"Themositati," anayankha Francisco. "Muyende bwino."