Ndinanenepa Kuti Atseke Pakamwa

Amuna anga, bambo Levison, anagundidwa ndi lole pa Biwi akupalasa kabaza, dzuwa lili paliwombo, anthu akuona. Ndayamba ndi zimenezi chifukwa anthu a ku Kawale kuno ali ndi mitu ya nkhuku. Maliro atatha chakudya chinkandikanira pakhosi, ndinayamba kuonda, ndiye iwo anaiwala lole ija n'kuyamba kuwerenga mafupa anga.

Ine ndimagulitsa mandasi pamsika, ana anga amadya kuchokera m'ndowa imeneyo. Koma wamandasi akaonda, anthu amaona ngati matenda ali m'mandasimo. Amayi amene ankagula kwa ine anayamba kundipatsa moni wautali, "Pepanitu mayi a Chisankho, m'thupimu mukupeza bwanji?" kenako n'kukagula kwina. Ndinakayezetsa magazi, kachilombo ndinalibe. Nanga zimenezo ndikanakalengeza pa wailesi?

Agatha, mnzanga wa kwathu ku Dedza amene amagulitsa mafuta odzola ku Mchesi, atandiona anagwira pakamwa.

"Iwe Zipora, wafika pamenepa? Ukuoneka ngati hang'ala ya zovala!"

Anapisa dzanja pansi pa benchi n'kutulutsa timapiritsi toyera m'kajumbo. Akuti dekisa.

"Atsikana onsewa akugwedeza mbuyo m'tauni muno, ukuyesa ndi mgaiwa? Uzimwa m'mawa uliwonse, udzandithokoza."

Sindinafunse kuti ndi mankhwala a chiyani. Ndinamwa, ndipo anagwira. Njala yake inali yoopsa, ndinkadya ndi mandasi amalonda omwe. Nkhope inadzaza, khosi, mimba, miyendo yokha ndiyo inakana. Makasitomala anabwerera onse. Alamu anga a Queen, mlongo wawo wa malemu, anandipeza pamsika n'kundimenya paphewa.

"Eee alamu, mwapeza wina kodi? Achimwene sanazizire n'komwe!"

Ndinaseka, mumtima ndikukondwa. Kunenedwa uhule kunali bwino kusiyana ndi kunenedwa matenda. Ndinapitiriza kumwa mvula yonse mpaka chimanga chinauma.

Kenako linabwera ludzu. Ndinkamwa madzi ngati ng'ombe koma kukhosi gwaa, ndipo kuchimbudzi cha pamsika anandizolowera mpaka kundipatsa dzina. Ndinkangoti ndi kutentha.

Lachinayi lina tinali ku Mvano, tonse mu zoyera, ine ndili kutsogolo. Tinagwada, amayi abusa anayamba pemphero, ndipo iwo akayamba amapempherera aliyense, mpaka akaidi ndi apaulendo. Ndinafinya miyendo. Ndinaluma mlomo. Zinakanika. Mkodzo unayenda pasimenti pang'onopang'ono, ine ndikuuona, mpaka unakafika pa bondo la amayi abusa. Palibe anaseka. Bola akanaseka. Wina anandifunditsa chitenje chake n'kunditulutsa ngati mwana, m'mbuyomu ndikumva akufunsana kuti chokolopera chili kuti.

M'mawa mwake ndinapita kuchipatala. Adokotala ake anali kamtsikana koti ndikanakabereka ine. Anandibaya chala, anayang'ana kamakina, n'kundiyang'ana nkhope nthawi yaitali.

"Amayi, shuga wanu wakwera kwambiri. Pali mankhwala amene mukumwa?"

"Panado basi."

"Panado sanenepetsa nkhope chonchi. Musandibisire, amayi, si kupolisi kuno."

Ndinamasula mfundo ya chitenje n'kuwapatsa kajumbo kaja, maso ali pansi.

"Awa ndi mankhwala amphamvu. Timapatsa odwala mphumu ndi matenda ena, komanso mowayang'anira. Munthu akamangomwa miyezimiyezi amakweza shuga m'magazi. Koma musakasiye lero lomwe, mungakomoke. Tizichepetsa pang'onopang'ono."

"Ndikasiya shugayo atha?"

"Kwa ena amatha. Kwa ena amatsala."

Ndinatuluka ndi mapiritsi ena atsopano, atandiletsa tiyi wa shuga ndi mandasi anga omwe. Ndinakwera minibasi ya ku Mchesi kuti ndikamung'ambe Agatha. Ndinamulalatira mpaka anthu kusonkhana. Iye anapitiriza kusanja mabotolo ake.

"Ndinakutsegula kukamwa ine? Sunabwerenso wekha kudzatenga ena?"

Sankanama, ndinabweradi ndekha, ndi miyendo yangayi, kangapo konse.

Pamene mapiritsi aja ankachepa, thupi nalo linayamba kuphwa. Masaya anagwa, madiresi anayamba kulendewera. Ku Mvano sindinapondekonso. Pamsika moni wautali uja unayambiranso, ndipo tsiku lina a Queen anaima pa ndowa yanga, manja ali m'chiuno.

"Alamu, mwayambanso kutha?"

Ndinaimirira. Ndinakweza mawu dala kuti amve ndi a tomato omwe.

"Ndi shuga! Adokotala andiyeza, ndi shuga! Ndinkamwa mapiritsi onenepetsa, ndi amene andipweteka!"

Msika wonse unatembenuka kundiyang'ana. Ndinali nditadzivula ndekha pagulu, ndikuyesa kuti choonadi chindigulira anthu. A Queen anandigwira dzanja mwachifundo, n'kutsitsa mawu pang'ono, koma osati kwambiri.

"Eya, shuga. Masiku ano onse akumati shuga. Musadandaule alamu, bola muzimwa mokhulupirika, anthu akukhala nawo moyo."

Amayi a tomato anagwedeza mitu kuvomereza. Tsiku limenelo mandasi ndinabwerera nawo, ana anadya mpaka kutopa.

Pano ndimasenza ndowa kupita ku Area 23, kumene palibe anandionapo ndili wonenepa. Kumeneko ndine mayi woonda wa mandasi basi, ndipo amagula.