Galu Wopanda Anyezi

"Apa tilembe kuti anali wabizinesi ya zakudya," anatero amalume Jobe, akugogoda pepala ndi chala. "Basi. Zambiri n'zosafunika."

Lusekero anali atagwira cholembera. Anamusankha kulemba mbiri ya malemu chifukwa ndiye wa ku koleji. Bambo ake, a Lawson, anagwa pantchito Lolemba madzulo, BP itakwera, ndipo sanafike nako kuchipatala. Tsopano kunali kutatsala tsiku limodzi kuti Amalawi a mu Nairobi adzatsanzikane nawo thupi lisanakwere ndege.

Mayi ake, a Esnat, anali pamatiresi pabalaza la kanyumba kawo ka ku Embakasi. Anadikira ndege ina idutse kaye pamwamba pa denga.

"Achimwene, anthu ankawaona. Ankagulitsa ma hot dog pakangolo ku Kilimani. Tibisa chiyani?"

"Chemwali, kubwera ma director kumeneko. Ndiye mwana aimirire n'kunena kuti bambo ake ankagulitsa agalu otentha? Ku Ntcheu yamveka kale yoti alamu ankawotcha agalu ku Kenya. Andiimbira kawiri kufunsa ngati n'zoona."

A Jobe ankakhala ku Spring Valley, ndipo anali munthu wofuna kuti ngakhale maliro aoneke ositidwa bwino. Koma tisawaimbe mlandu okha. Lusekero analemba mawu awo aja mofulumira, mtima uli m'malo, ngati kuti amulanditsa.

A Lawson anabwera ku Nairobi ngati dalaivala wa bungwe lina. Ntchito itatha anakana kubwerera kumudzi mwana asanamalize sukulu, ndiye anagula kangolo. Tsoka lake, malo amene anapeza anali pamsewu womwewo wopita ku koleji ya mwanayo. Zaka ziwiri zathunthu Lusekero ankawoloka msewu asanafike pa ambulera yofiira ya kangoloko. Tsiku lina anzake anamukokera pomwepo. Iye anayang'ana kumbali n'kunena m'Chingerezi kuti, "Ine sindidya zam'misewu, boss." Bambo ake anamwetulira. "Sawa, madam," anatero. Kunyumba nkhaniyo sanaitchule mpaka kufa.

"Luse," anatero a Esnat, "jekete la bambo ako linatsala kungolo. Pita ukatenge. Sindikufuna lipite ndi anthu."

Anakwera matatu, minibasi ya kumeneko, masana dzuwa likuswa mtengo, ndipo pa Ngong Road galimoto zinkangokwawa. Kangolo anakapeza kali kokutidwa ndi pulasitiki. Pambali pake mayi wina wa ku Kenya komweko, wogulitsa zipatso, ankasenda chinanazi.

"Pole sana, pepa kwambiri mwanangu. Ndiwe Luse. Ine ndine Benedicta."

"Mwandidziwa bwanji?"

"Aa, sitikuona tsiku lililonse ukuwolokera apo?"

Lusekero anafuna nthaka ing'ambike. Mayiyo sanaoneke kuti akumunyoza. Anatulutsa jekete pansi pa tebulo lake, atalipinda bwinobwino.

"Pano bambo ako tinkawatcha Mwalimu, ndiye kuti mphunzitsi," anatero. "Munthu ukagula hot dog imodzi, phunziro linali laulere. Ankati amene anapita nayo soseji imeneyi ku Amereka ndi Ajeremani, anthu obwera ngati iwo, n'kumagulitsa pa tingolo m'misewu. Eni dziko ankawaseka kuti mumatidyetsa nyama ya galu. Ena amati ayi, sosejiyo inkangofanana ndi kagalu kawo kakatali ka miyendo yaifupi. 'Chenicheni palibe akudziwa,' ankatero bambo ako, 'koma dzinalo linali lachipongwe, ndipo ogulitsawo sanalithawe. Analisenza, ana awo n'kuphunzira nalo sukulu.' Akatero ankaseka mpaka kutsokomola."

Lusekero nkhani imeneyi anali asanaimvepo. Akanaimvera kuti, poti sanaimepo?

Benedicta anakweza pulasitiki n'kuloza pakona pa kangolo, pamene panali kambale kakang'ono kovundikira.

"Folo koloko iliyonse ankakonza imodzi yopanda kachumbari, saladi ija ya tomato ndi anyezi. Akuti mwana wanga anyezi sagwirizana naye. Ankaikulunga n'kuiika umu. Ukadutsa tsidya linalo ankakutsatira ndi maso mpaka ukwere matatu, kenako n'kundipatsa ine. Zaka ziwiri ndakhala ndikudya galu wako, mwanangu. Ndanenepa naye."

"Sankakwiya?"

"Kukwiya? Ankati, 'Mwamuona? Chaka chamawa amaliza ameneyo. Lero ali pachangu.' Tsiku lililonse unali pachangu."

Lusekero anavundukula kambaleko. Munalibe kanthu, munali motsukidwa bwino. Anakalowetsa m'chikwama chake. Anayang'ana tsidya la msewu, pamene ankadutsa paja. Panali pafupi kwambiri, ndipo munthu woima pangolopo ankaona chilichonse, ngakhale nkhope ya munthu amene akunamizira kuwerenga foni.

Atafika ku Embakasi anapeza amalume Jobe akuwerengera mayi ake mbiri ija mokweza, kuti aione ngati ikumveka bwino. Lusekero anapereka jekete kwa mayi ake, naika kambale kaja patebulo. Kenako anatenga pepala m'manja mwa amalume ake.

"Iwe, tamaliza kale zimenezo."

"Pepani amalume, pali polakwika."

Anakhwatcha mzere umodzi n'kulemba wina pamwamba pake. A Jobe anavala magalasi, nawerenga, natsegula pakamwa, koma a Esnat anatambasula dzanja.

"Tandiwerengera, mwanangu."

Lusekero anawerenga: "Bambo anga anali wogulitsa ma hot dog ku Kilimani. Tsiku lililonse ankandisungira imodzi yopanda anyezi, ndipo ine sindinapiteko kukatenga."

A Esnat anagwedeza mutu pang'onopang'ono, akusisita kolala ya jekete lija.

"Ukawerenge choncho," anatero. "Mokweza."