Galasi la kwa Aphunzitsi

Nkhondo itafika m'tauni, mwamuna wa mayi wina anasanduka munthu wofunika. Ntchito yake inali yoika magalasi m'mazenera, ndipo bomba likagwa, m'mawa mwake anthu ankandanda pakhomo, aliyense ndi kapepala ka miyeso. Mkaziyo ankasoka zovala pakhonde. Sankadandaula, ngakhale zenera la kuchipinda kwawo linali lotsekedwa ndi pulasitiki kuyambira mwezi woyamba.

Chomwe chinkamudya mumtima ndi mphunzitsi wina wamasiye wa kumsewu wachitatu. Sukulu itagumuka, mayiyo ankaphunzitsira ana pabalaza pake. Zenera lake linasweka katatu, ndipo katatu konse bambo anapitako ndi galasi lenileni, atasamba ndi kupesa. Pobwera ankaimba mluzu. Pamzere wa madzi, mayi woyandikana nawo anafunsa mkaziyo ngati magalasi a masiku ano amafuna munthu wonunkhira sopo.

Litasweka kachinayi, mkaziyo anasiya diresi pamakina n'kunena kuti apita nawo akawagwirire galasi. Bambo anati ndi lolemera. Iye anati anasenzapo zolemera kuposa apo.

Anayenda galasi lili pakati pawo, akulambalala maenje ndi njerwa. Pabalazapo anapeza ana akuwerenga mokuwa kuti asamve mizinga yakutali. Mphunzitsiyo anali wowonda, chala chomanga kansalu, choko m'tsitsi. Sanali chiphadzuwa ayi. Koma chomwe chinamubaya mkaziyo n'chakuti bambo sanafunse pomwe pamakhala tsache. Anangopita kuseri kwa chitseko n'kulitenga. Kenako mwana wina anawaseketsa bambowo mpaka misozi.

"Amuna anu ali ndi manja abwino, mayi," anatero mphunzitsi ntchito itatha.

"Ndimawadziwa manjawo. Zaka makumi awiri."

Pobwerera sayirini yochenjeza za mabomba inalira, ndipo anabisala pansi pa masitepe a sitolo ina. Ali mothinamo, mkaziyo analephera kupirira.

"Bambo, kumene kuja mumaseka. Kunyumba munasiya liti?"

 Bambo anati kunyumba akangoona mpando wa mwana wawo, amene anatengedwa usilikali, kuseka kumawakanika. Anati phokoso la ana aja limawaiwalitsako. Mkaziyo anamva chisoni, koma nsanje sinachoke. Nayenso mpandowo ankauona tsiku lililonse, ndipo analibe kopita kukaseka.

Kuyambira pamenepo, zenera la kwa aphunzitsi likasweka ankapita onse awiri. Mkaziyo ankatenga zikwama zosokedwa ndi zidutswa za nsalu n'kugawira ana, diso limodzi lili pa bambo. Diresi la mphunzitsi litang'ambika, anadzipereka kumusokera lina. Analisoka bwino ndithu, lolimba, la manja aatali, kolala yake yofika pachibwano.