Kalamba ka Pinki pa Mkono wa Mkulu wa Mpingo

Amuna anga ndi mkulu wa mpingo, ndipo amaopa zinthu ziwiri zokha: Mulungu ndi kuwononga ndalama. Chimene chili patsogolo pa ziwirizi sindinena, chifukwa ndine mkazi wawo.

Mwana wathu womaliza, amene pakhomo timangomutchula kuti Chitsiriza, ndiye ankayambitsa nyimbo m'kwaya. Akatsegula pakamwa, ngakhale ogona pa benchi ya kumbuyo ankadzuka n'kunena ameni. Kenako analowa bandi ya anyamata a tsitsi lopota, n'kuyamba kuimba m'maholo momwe anthu amavina botolo lili m'manja. Bambo ake anaimirira pamsonkhano wa akulu a mpingo n'kulumbira kuti makutu awo sadzamvanso mawu a mwanayo mpaka atalapa. Mawuwo anamupeza mtsikanayo asanapole n'komwe. Analongedza chikwama n'kukakhala kwa anzake, mpando wake wa patebulo n'kusanduka poika zovala zodikira kusita. Ine ndinkamuimbira foni ndili kuseri kwa nyumba, ndikunamizira kuyanika zovala, ndipo pemphero langa linali limodzi: ouma mitu awiriwa adzaonane maso ndi maso ine ndikadali ndi mano.

Ndiye kunagwa nthenda ija. Boma linaletsa misonkhano ikuluikulu, tonse tinavala mamasiki, ndipo chikondwerero chachikulu cha nyimbo chimene bandi ya Chitsiriza inkayenera kukaimbako chinalephereka.

“Mwaona, Amayi?” anatero amuna anga tikumwa tiyi. “Phokoso lija lafika kumwamba, ndipo kwayankhidwa.”

Anayankhula bwino, koma nkhope yawo sinali ya munthu amene wayankhidwa. Komanso anali atavala jekete, kunja kukutentha moti agalu anali atatulutsa malilime.

Jekete limenelo silinachokenso m'thupi. Akalivula, ndiye kuti mkati muli juzi. Posamba m'manja ankangonyowetsa nsonga za zala, ngati mphaka woyesa madzi. Lamlungu, popeza tinkaloledwabe kupemphera anthu ochepa, pakhomo la tchalitchi anaikapo chidebe ndi sopo, ndipo woyang'anira anali mayi wina amene anapuma pa ntchito ya unamwino. Mayi ameneyu sadziwa udindo wa munthu. Ngakhale abusa anawapinditsa malaya mpaka m'zigongono. Amuna anga ataona zimenezo anakhota, n'kukalowera khomo la kuchipinda chovalira abusa, ngati wakuba m'khola la nkhosa.

Titabwerera kunyumba ndinawapeza kukhitchini atatembenukira kukhoma, botolo la mafuta ophikira lili m'manja.

“Abambo, mukudzoza ndani ufumu?”

Anatembenuka pang'onopang'ono. Pamkono wamanzere, pomwe pamakhala wotchi, panali kalamba kansalu ka pinki wowala, kojambulidwa magitala ndi timilomo tofiira. Mkonowo unkanyezimira mafuta ngati nsomba ya m'chiwaya.

“Musafuule,” anatero. “Si zimene mukuganiza.”

“Sindinayambe kuganiza. Ndikadaona kaye.”

Nkhani inatuluka movuta, ngati dzino la kumapeto. Anagula tikiti ya chikondwerero chija. Tikiti za masiku ano si pepala, ndi kalamba kokhala ndi mkanda wapulasitiki umene umayenda mbali imodzi yokha: ukakoka umathina, kubwerera ayi. Iwo anangofuna kuyesa ngati kakuwakwana. Kanawakwana.

“Ndimafuna ndikaone ndi maso anga kukula kwa tchimo,” anatero. “Munthu sungadzudzule chimene sunachione.”

“Ndipo tchimolo limayamba kuimba nthawi yanji?”

“Dzuwa likamalowa, pa nsanja yaing'ono,” anayankha msanga, kenako n'kuluma mlomo.

Mtima wanga unaimba nyimbo ya mavesi onse, koma nkhope ndinaisunga ya pamaliro. Ndinatsegula kabati n'kutulutsa sizasi.

“Bweretsani mkonowo.”

Anaubisa kumbuyo. “Mwapenga? Okonza chikondwerero atumiza uthenga. Ndalama akubweza, koma kalamba kafike kosaduka, akadule okha ku ofesi kwawo. Kakaduka kunyumba, basi, zapita.”

“Nanga simunati chilichonse mumagula ndi inshuwalansi?”

“Ndinawonjezera ya inshuwalansi, inde.”

Anaimbira a inshuwalansi pomwepo, foni ataiika pokweza mawu kuti ndikhale mboni. Anayankha mnyamata waulemu kwambiri, wa mawu ngati wolandira alendo pa ukwati. Anati inshuwalansi ya tikiti imalipira munthu akathyoka mwendo, akaferedwa, kapena nyumba yake ikapsa. Mliri mulibemo.

“Mliri si tsoka?” anafunsa amuna anga.

“Ndi tsoka, bambo, koma ndi la aliyense. Ife timaona tsoka la munthu payekha.”

“Ndiye ndikathyoka mwendo lero?”

“Pepani, bambo. Mwendo umayenera kuthyoka chikondwerero chikadalipo.”

Anadula foni n'kukhala pampando. Ndinawakumbutsa, mwachikondi, kuti Lamlungu likubwerali inali nthawi yawo yoima kutsogolo kwa mpingo ndi beseni, kuphunzitsa anthu kasambidwe ka m'manja, mayi wa chidebe uja ali pambali pawo. Anayang'ana sizasi. Anayang'ana kalamba. Ndinaona mkulu wa mpingo akulimbana ndi msungichuma mkati mwa munthu mmodzi, ndipo ndinadziwa amene apambane, chifukwa ndakhala nawo onse awiri zaka zambiri.

Chimene sindinawauze n'chakuti ndinali nditayankhula kale ndi Chitsiriza sabata imeneyo. Anandiuza kuti nawonso okonza chikondwerero inshuwalansi yawo inawakanira, antchito anawabalalitsa, ndipo oimba ang'onoang'ono ndi amene anapemphedwa kuthandiza pa matebulo obweza ndalama. Kubisa mawu si kunama. Ndinafufuza m'Malemba, ndipo amayi angapo olemekezeka anachitapo zoposa pamenepa.

Tinapita m'mawa wa tsiku lotsatira. Iwo anavala masiki, chipewa ndi magalasi akuda, moti akanalowa m'banki alonda akanaliza belu. Ofesiyo inali sitolo yopanda katundu, pansi atajambula mizere ya choko kuti anthu atalikirane. Pamzere panali achinyamata a mabowo m'mathalauza, ndiponso, apa ndi apo, azibambo aakulu ovala majekete potentha. Mmodzi ndinamudziwa ndi kayendedwe, ndi amene amasunga makiyi a tchalitchi. Iye ndi amuna anga anayang'anana kamodzi, kenako aliyense anapeza chinthu chochititsa chidwi kudenga.

Matebulo anali atatu. Ndinawakankhira ku la pakona.

Mtsikana wa patebulopo anali ndi masiki akuda, magolovesi, ndi tsitsi lofiira mbali imodzi. Sanadzutse mutu.

“Mkono,” anatero.

Amuna anga anauma ngati chipilala cha mchere. Mawu amodzi okhawo anakwana. Ndinamva mpweya wawo ukukoka masiki.

“Mkono, bambo, anthu akudikira.”

Anapinda jekete pang'onopang'ono n'kutambasula mkono. Mtsikanayo anaugwira, sizasi ili m'dzanja linalo, n'kuima. Anayang'ana zala zija, zimene zinkamugwira popita ku Sande sukulu. Kenako anakweza maso, n'kundiona ine kumbuyo ndikuwerenga chikalata cha pakhoma mwakhama.

“Adadi?”

“Sindikukudziwani, mayi,” anatero amuna anga ndi mawu onenepa.

“Adadi, kalamba aka ndi ka kutsogolo. Ka pafupi ndi nsanja penipeni.”

“Kumbuyo sindimva bwino. Ndi ukalamba.”

“Ndimayesa makutu anu analumbira?”

“Analumbira makutu. Ndalama sizinalumbire. Dula, ndizipita.”

Chitsiriza anaseka, ndipo kusekako kunathera m'misozi imene inanyowetsa masiki. Mnyamata wa patebulo loyandikana anasuzumira.

“Sisi, madalawa akuvuta?”

“Ndi bambo anga.”

“Abusa aja? Eee! Fada, munabwera kudzatiombola kapena kudzavina?”

“Iwe, pesa tsitsi kaye usanayankhule ndi akulu,” anatero amuna anga. Koma mkono sanauchotse.

Malamulo ankati anthu asagwirane, kupatula wodula kalamba ndi mwini mkono. Sindinaonepo kalamba kovuta kudula ngati kameneko. Chitsiriza anakatembenuza, anayang'ana nambala, anapukuta sizasi, anayang'ananso nambala.

“Mkono wanu ukununkhira mafuta ophikira,” anatero.

“Ndi amayi ako. Sasamala zinthu.”

“Mwaonda, Adadi.”

“Nawenso. Kumene ukukhalako amaphika, kapena mumadya magitala?”

Kumbuyo munthu wina anakuwa kuti ena tili ndi zochita. Anali wa makiyi uja, mawu atawasintha. Sizasi inalira, kalamba n'kugwera patebulo. Pamkono panatsala mzere wotuwa. Chitsiriza analemba za kubweza ndalama pa foni ya ofesi, n'kunena kuti zilowa masiku akubwerawa. Kwa nthawi yoyamba chikwatiranireni, amuna anga sanafunse kuti tsiku liti.

Anakonza jekete, anatsokomola m'chigongono monga mwa lamulo, n'kuyang'ana kumbali.

“Amayi ako akuti ubwere kunyumba Loweruka.”

“Ine sindinanene kanthu,” ndinatero.

“Ndiye ndanena ine! Kodi m'nyumba mwanga ndilibe pakamwa?”

“Ndibwere ndi gitala?” anafunsa Chitsiriza.

Amuna anga anayankha, anthu pamzere akung'ung'udza ngati khamu la m'chipululu.

“Ubwere nalo. Koma uzikaimbira pakhonde, mawindo ali otsegula, chifukwa a zaumoyo akuti mpweya uziyenda. Ine ndikakhala m'nyumba. Nyimbozo zikandipeza mkatimo, si mlandu wanga.”