Mzere wa Okana

Mayi Vainess ankadziwa kuti tsiku lina chinsinsi chawo chidzawapana, koma sankaganiza kuti zidzachitikira m'holo yapansi pa tchalitchi, anthu akumwa tiyi.

Chinali chaka cha 2005, dziko la Canada likukangana za maukwati a amuna okhaokha ndi akazi okhaokha. Eni tchalitchi china ku Scarborough, dera la mumzinda wa Toronto, komwe Amalawi ankabwereka malo opempherera masana, anafunsa gulu lililonse ngati maukwati otere azidalitsidwa mmenemo. Azungu a mapemphero a m'mawa anavota pa timapepala, aliyense mobisa. Zinamveka kuti achinyamata ndi okhala m'katikati mwa Toronto anavomera, okalamba ndi a m'mbali mwa mzinda anakana, koma palibe ankadziwa kuti uje wavota chiyani.

Bambo Medson, wapampando wa Amalawi, za timapepala sanazifune. Mkati mwa sabata ankanyamula makatoni ku Brampton, koma Lamlungu akavala jekete ankadziona ngati nduna.

"Ife sitibisala ngati mfiti," anatero. "Tivota ngati kwathu posankha woimira chipani. Kufola basi! Okana kumbuyo kwa mkulu wathu a Fabian, ovomera kumbuyo kwa Selina, poti ndiye wa ku yunivesite."

Anthu anaseka. Mayi Vainess sanaseke nawo. Mwana wawo wamkazi mmodzi yekhayo, Sungeni, namwino ku Hamilton, anali pompo, atabwera kudzawaona. Onse ankadziwa kuti amakhala ndi mtsikana mnzake Joan kuti azithandizana lendi. Mayi ake okha ndiwo anaonapo kuti m'nyumbamo muli bedi limodzi. Anaona, nakhala chete, ndipo chiyambire mantha sanawachoke.

Ankaopa anthu awo omwe. Nkhani ya ku Scarborough sichedwa kufika ku Ntcheu. Imangofuna munthu mmodzi ndi telefoni. Komanso anthu awa ndi amene anakawalandira ku eyapoti, ndi amene anaimba pa maliro a mwamuna wawo. Akakutaya amenewa m'dziko lozizira ngati lino, ukhoza kufera m'nyumba wina osadziwa.

Anazembera kukhitchini nayamba kutsuka makapu oyera kale. Koma mayi Agnes, mnzawo wa m'gulu la amayi, anawalondola.

"Amake Sungeni, mukufuna kuphonya voti? Tiyeni, inu ndiye mumatitsogolera ife amayi."

Anawagwira dzanja mpaka m'holo. Mzere wa a Fabian unali utakhota mpaka pakhomo: akuluakulu, amayi a zitenje pamwamba pa majuzi, mabanja athunthu ochokera ku Brampton. Kumbuyo kwa Selina kunali ana ochepa okulira kuno, atazyolika, makolo awo akuwadya ndi maso. Pamzere palibe chobisika, ndipo bambo Medson ankadziwa zimenezo bwino lomwe.

Mayi Agnes anawaimika pamzere wa okana. Akanatha kuchokapo, miyendo inali yawo, koma sanachoke.

Kenako Sungeni anadzuka pampando. Holo yonse inatembenuka kumuyang'ana. Mayi Vainess anadziwa zimene zingatsatire. Akangopita kwa Selina, anthu ayamba kufunsa za Joan, ndipo zonse zithera pomwepo. Mumtima anapemphera pemphero lochititsa manyazi: Ambuye, asapite uko, chonde asapite uko.

Sungeni anayenda pang'onopang'ono, nadutsa pafupi ndi Selina osamuyang'ana, n'kudzaima kumbuyo kwa mayi ake. Iwo anamva mpweya wake kumbuyo kwa khosi lawo, wofulumira ngati wa munthu amene wathamanga.

Bambo Medson ankayenda akuwerenga anthu, akugwira aliyense paphewa. Atafika pa Sungeni anaima.

"Onani mwana woleredwa bwino! Wakulira kuno koma mwambo sanataye."

Amayi analiza nthungululu. Ndipo tinene zoona, mayi Vainess anapumira m'mwamba ndi kumwetulira. Okana anapambana kutalitali.

Atatuluka, Sungeni anati akubwerera ku Hamilton nthawi yomweyo, ndipo mayi Vainess anamuperekeza pokwerera basi. Mphepo inkaluma makutu. Mwanayo ankangoyang'ana kutsogolo, ndipo mantha aja anawabwerera mayi ake, tsopano a mtundu wina.

"Zikomo mwanangu," anatero mayi Vainess. "Wanditchinjiriza."

"Ndachitira inu, Mum. Mumanjenjemera, I could see it." Chichewa chake chinali choperewera, choncho ankasankha mawu mosamala. "Ine ndi Joan tikukwatirana mwezi wamawa. I came to invite you. Ndimafuna ndikufunseni tikafika kunyumba, koma yankho lanu ndaliona."

Basi inafika, chitseko n'kutseguka. Sungeni anakwera sitepe imodzi natembenuka, akudikira. Mayi Vainess anatsegula pakamwa kuti amuitane, kuti amufunse tsiku ndi malo. Koma kumbuyo kwawo kunamveka kuseka kwa mayi Agnes ndi anzawo, akubwera kudzakwera basi yawo.

Anatseka pakamwa, nakweza dzanja kubayibitsa mwana wawo ngati palibe chachitika.