Tsiku Limene Iddi Anagwira Chitsulo

Pa jimu ya m'komboni ya Kanyama, ntchito ya Iddi inali kungoima. Anzake ankanyamula zitsulo, kubuula ndi kudziyang'ana pa kalilole wosweka, iye ali chilili kumutu kwa benchi, zikhatho zili pansi pa chitsulo koma osachikhudza. Masana ankawotcherera mageti ndi mawindo, ndipo zonyamula zonse za pa jimupo anazipanga yekha ndi zotsalira za maminibasi akufa. Madzulo ankadikira chinthu chimodzi: chitsulo chikamukanika mnzake Moven, achigwire chisanamuphwanye chifuwa.

Moven ankatsitsa katundu m'malole ku Kamwala. Munthu wina akasenza matumba tsiku lonse amapita kukagona, koma uyu ankaweruka n'kudzafunanso zolemera zina, zopanda malipiro. Khosi linali litasowa kalekale, mutu unangokhala pamapewa. M'komboni ana ankamutsatira, akuluakulu ankamupatukira, ndipo iye zimenezi ankazikonda kwambiri.

Masewerawa lamulo lake ndi lalifupi. Munthu amagona chagada pabenchi, n'kutsitsira chitsulo pachifuwa, kenako n'kuchikankha mpaka mikono itawongoka. Woima kumutu uja akangochikhudza, ngakhale ndi chala chimodzi, zonse zalowa m'madzi, amati wathandizidwa. Moven ankakonzekera mpikisano wa ku Chawama, kumene akamuna a m'makomboni amakaonetsana mphamvu.

Sabata ya mpikisanoyo, Mainess, mkazi wa Moven, anafika pamalo owotcherera. Anadikira kuti Iddi azimitse moto.

"Ba Iddi, bamuna banga sibali bwino," anatero Mainess. "Ku kiliniki banabapima, ati BP yakwela maningi. Ba nesi banakamba ati bakapitiliza kunyamula vinsimbi, mtsempha uzaduka mumutu. Mapilisi sibakumwa, ati yachosa mphamvu."

"Manje mufuna nichite chani, mulamu?"

"Ine sibanimvela. Imwe ndimwe mumaimilila pafupi."

Iddi sanadabwe. Woima kumutu amaona nkhope ya mnzake kuchokera pamwamba, ndipo iye anali ataona kale zambiri: magazi otuluka m'mphuno, diso lofiira ngati lathiridwa tsabola, ndi kukhala duu kwa Moven akamaliza kunyamula, ngati waiwala kumene ali. Zonsezi ankazisunga mumtima poganiza kuti mwini thupi amadziwa. Tsopano anachita mantha.

Madzulo ake anayesa kuyankhula. Moven anaseka uku akumanga lamba wake wachikopa pamimba.

"Iwe wankala dokota manje?" anafunsa Moven. "Ba nesi baja olo baketi ya manzi sibanganyamule, bazaniuza chani? Mvela boi, ku Chawama osagwila nsimbi yanga. Olo uone magazi, olo nilile. Uzagwila ngati nakamba ine."

Iddi anatola zitsulo n'kuyamba kuzilowetsa.

Mpikisano unachitikira kuseri kwa bala, dzuwa likuswa mtengo. Panali fumbi, nyimbo zogonthetsa m'kutu, ndi anthu odzaona ena akuvutika iwo akumwa zozizira. Ambiri anagonja msanga, mpaka panatsala awiri: Moven ndi chimunthu china cha ku Matero. Wa ku Matero ananyamula zake bwinobwino, n'kudzuka akudziguguda pachifuwa. Moven analamula kuti awonjezere. Anawonjezera kufika pamene iye sanafikepo chiyambire, ndipo chitsulo chinapindika pang'ono pakati.

Moven anagona pabenchi. Iddi anamuthandiza kuchichotsa pamene chimakhala, n'kubweza manja. Chitsulo chinatsika, chinakhudza chifuwa, chinayamba kukwera. Chitafika pakati chinachita ngati chaima.

Anthu ankaona mikono ikunjenjemera, nayamba kukuwa dzina la Moven. Iddi ankaona nkhope. Inali itada bii, mitsempha itatupa pachipumi. Magazi anatuluka m'mphuno n'kutsetserekera kukhutu. Diso lina linali kuyang'ana kumbali, kumene kunalibe choyang'ana. Moven anali asanapume chiyambire kukankha, ndipo munthu wosapuma sanganene kuti gwira.

Chovuta chinali chakuti chitsulocho sichinaimiretu. Chinkakwerabe, pang'onopang'ono kwambiri, koma chinkakwera. Chikanakhala chikutsika, palibe akanamunena Iddi. Iye anadziwa zimenezi bwino lomwe, anadziwanso chimene ataye. Anachigwira ndi manja onse awiri, n'kuchikokera pamalo pake.

Woweruza anagwedeza mutu. Anthu anayamba kumuwooza Iddi, wina anamugenda ndi chitini cha mowa. Wa ku Matero anali atamunyamula kale m'mwamba anzake.

Moven anagonabe kanthawi akupuma mwawefuwefu. Kenako anadzuka, napukuta mphuno ndi malaya. Diso lija linabwerera m'malo mwake. Anali wamoyo, wathunthu, ndipo anamuyang'ana Iddi ngati mbala.

"Inali kukwela," anatero Moven.

"Inali kukwela," Iddi anavomera.

Sanayankhulanenso. Kaya mtsemphawo ukanaduka tsiku limenelo, kaya Moven akanapambana n'kubwerera kwawo akuimba, palibe angadziwe, ndipo Iddi analibe umboni woti aonetse munthu. M'komboni nkhani inamveka yakuti anachita nsanje. Ena ankati a ku Matero anamunong'oneza. Mainess anamudutsa pamsika n'kumuwombera m'manja mwakachetechete, mwamuna wake asanacheuke. Kuthokoza konse kunathera pamenepo.

Pa jimu anamuuza kuti asadzapondeponso, ngakhale zitsulo zinali zopanga iye. Izi zinamupweteka, koma sanalimbane nawo. Moven anapeza womuimira wina, Chalwe, kondakitala wa minibasi, munthu womvera amene analumbira pamaso pa onse kuti iye nsimbi ya mwini sagwira.

Tsiku lina madzulo, Iddi akuchokera kuntchito, anamva zitsulo zikulira kuseri kwa mpanda wamalata. Anasuzumira pampata. Moven anali chagada pabenchi, akukonzekera mpikisano wina, ndipo pachitsulo panali zolemera zofanana ndi za ku Chawama zija. Chitsulo chinatsika, chinayamba kukwera, chinafika pakati. Nkhope inayamba kuda.

Iddi anapezeka atatambasula manja kunja kwa mpanda. Kumutu kwa benchi kunali Chalwe, ataima mowongoka, manja atawapinda kumbuyo kuti wina asadzamunene kuti anakhudza.