Wojomba Katatu Osatsanzika

Adelaide anali atakweza kale dzanja kuti aponye kaderuno, buku lolembamo la bambo ake, pamoto pamene Che Jamali anagwetsa njinga yawo pachipata.

"Mwanangu, imeneyo ayi!"

Moto unali wa zinyalala za pamaliro. Bambo ake, a Alberto, anawaika Lachinayi. Lero linali Loweruka, ndipo achibale anali pakhonde kugawana malaya ndi masipanala a malemuwo. Kaderuno yachikuto chakuda ija palibe anaifuna. Adelaide anaitenga yekha, ndipo sanaitengere chikumbutso.

"Si yanu iyi, Che Jamali."

"Si yangadi. Koma muli anthu m'menemo."

"Anthu! Anthu tinawaika dzana."

Pa Insaca panalibe wosadziwa misala ya a Alberto. Lamlungu lililonse masana, kuseri kwa shedi yawo yokonzera njinga, anthu a ndevu zawo ankazungulira meza n'kumachita masewera otchedwa Ulendo. A Alberto ankasimba za dziko lopeka m'mutu mwawo, ndipo aliyense wa pamezapo anali ndi munthu wake m'nkhanimo. Munthuyo akafuna kuwoloka mtsinje kapena kuzemba achifwamba, mwini wake ankaponya dado, kamtengo ka madontho mbali zonse, ndipo dadoyo ndiye ankagamula. Masewerawa anawayamba ku kampu ya othawa nkhondo ku Malawi. Mtendere utabwera, anzawo anabwerera ndi mbuzi ndi malata, iwo anabwerera ndi Ulendo. Che Jamali, ogulitsa nsomba a ku Chiuta, anakhala pamezapo zaka makumi awiri.

Ulendowo unali ndi malamulo atatu, ndipo a Alberto ankawawerenga chaka chikamayamba ngati akuwerenga uthenga kutchalitchi. Dado akagwa wagwa. Ulendo ukayamba sudukizidwa. Wojomba katatu motsatizana osatsanzika, munthu wake amafa. Lamulo lachitatuli linalibe chibale: mphunzitsi wina anapita ku Lichinga osanena, pobwera anapeza munthu wake atadyedwa ndi ng'ona.

Adelaide nayenso anakulira pamezapo. Munthu wake anali Nangondo, mkazi wopalasa bwato. Ndipo anali pomwepo Lamlungu lija, zaka zisanu ndi zinayi zapitazo, uthenga utabwera woti amayi ake kuchipatala zavuta. Iye anadzambatuka. Bambo ake anayang'ana dado n'kunena kuti, "Tingomaliza kuwoloka mtsinjewu." Pamene ankafika kuchipatala, akazi awo anali atafundidwa kale nsalu kumaso. Maliro atatha Adelaide anakwera chapa, minibasi ya ku Cuamba, ndipo pakhomopa anabweranso sabata ino.

Mlongo wake Tobiasi anatsika pakhonde akupukuta manja. "Mana, mlongo wanga, anthu akuona."

"Aone! Amayi anafa akuyang'ana chitseko, bambo ako ali kalikiliki kuwolotsa anthu a mphepo. Unali kuti iwe woti undiletse lero?" Anatembenukira kwa Che Jamali. "Inunso munalipo, Che Jamali. Munakhala phee ngati chitsa. Ndiye mukudziwa chimene munthu ameneyu ankandiimbira foni zaka zonsezi? Pakapita milungu ingapo, foni ngriii, Loweruka. Osati 'uli bwanji mwanangu', osati 'ndinalakwa'. Funso limodzi lokha: 'Mawa ubwera ku Ulendo?' Ine n'kuti sindibwera, n'kudula. Iwo osamva. Zaka naini kundinyoza ndi masewera omwe anandilanda amayi!"

Che Jamali anavula kofia, n'kuivalanso. "Tsiku lija analakwa. Nafenso tinalakwa, ndipo sindinabwere kudzawayeretsa. Tsegulani tsamba loyamba, kenaka muotche."

Anatsegula mwaukali, mpaka chikuto chinang'ambika pang'ono. Malamulo aja anali pomwepo, m'zilembo zopendekeka za bambo ake. Lamulo lachiwiri linali lokhwatchidwa mwamphamvu moti cholembera chinaboola pepala.

"Anakhwatcha tsiku lotsatira maliro a mayi anu," anatero Che Jamali. "Pitirizani."

Masamba enawo anali a mayina: tsiku, ndi amene anabwera. Pa dzina la Adelaide panali kamzere, Lamlungu lotsatira kamzere, koma lachitatu panalembedwa kuti: Adelaide watsanzika. Kamzere, kamzere, Adelaide watsanzika. Anatembenuza masamba khumi, makumi awiri, zinali zomwezo.

"Bodza ili. Ine sindinatsanzikepo."

"Lamulo limati wojomba anene yekha ndi pakamwa pake kuti sabwera. Silinena kuti anene mokoma." Che Jamali anakanda chibwano. "Loweruka lachitatu lililonse ankakwera pachulu paja pogwira netiweki. Akatsika ankati, 'Wanena kuti sabwera, lembani.' Nangondo ali moyo, mwanangu. Akudikira padoko ndi bwato lake. Ifetu takhala tikuyenda wapansi zaka zonsezi, chifukwa bambo anu anakana kuti wina akhudze nkhafi yake."

Adelaide anamva mkwiyo woposa uja anabwera nawo. "Nanga osangokhwatcha lamulolo bwanji, monga anachitira linalo? Anali mwini wake!"

"Ndinawafunsa zomwezo. Anati, 'Ndikakhwatcha, ndizimuimbira kuti chiyani?'"

Pakhonde paja phokoso la masipanala linali litaleka. Tobiasi anayang'ana pansi.

Kupepesa bambo ake sankakudziwa, zimenezo Adelaide ankazidziwa kuyambira ali mwana. Munthu wotha kupeka mizinda ndi mitsinje, mawu oti 'ndinalakwa' okha anamukanika mpaka manda! Zinamupweteka koposa kuti nthawi zonse zija ankadula foni mokhutira kuti wawalasa, pamene iwo ankatsika pachulu atapeza chimene anakwerera.

Tsamba lomaliza linali ndi zilembo zokhotakhota, za munthu wolemba chogona: Alberto watsanzika. Pansi pake panali dzina la Adelaide, timizere tiwiri, ndi malo opanda kanthu.

"Anadwala milungu iwiri," anatero Che Jamali. "Lolemba anandiitanitsa. Anati Lamlungu la mawali ndi lachitatu lanu, ndipo iwo pachulu safikanso. Ndiye ndatumidwa, mwanangu, ndipo wotumidwa sakwapulidwa." Anaimirira mowongoka, manja kumbuyo. "Mawa mubwera ku Ulendo?"

Moto unali utayamba kuzilala. Kungotambasula dzanja, zonse zikanathera pomwepo. Ngakhale kungokhala chete kukanakwana. Adelaide anayang'ana malo opanda kanthu aja nthawi yaitali.

"Sindibwera," anatero mokweza, kuti ndi apakhonde omwe amve.

Che Jamali anagwedeza mutu, n'kuwerama kuti adzutse njinga yawo. Koma Adelaide anasolola cholembera cha bambo ake chomwe chinali chopanikizidwa pakati pa masamba, chodzaza ndi zipsera za mano kumapeto, n'kuwapatsa pamodzi ndi kaderunoyo.

"Mukupita kuti? Lembanitu."

Ndipo anaima pomwepo, akupukuta m'maso ndi nsonga ya kapulana, chitenje chake, mpaka anaona kuti alemba.